Ana a ku Dedza Sanalephere, Tawatsekera Kunja

Pali bodza limene akuluakulu timakonda kuuza ana, ndipo timalinena titatchena, pamaso pa makolo ndi mafumu. Limamveka pa tsiku lotsekera sukulu, limamveka nduna ikamatsegulira msonkhano ku hotela, ndipo limamveka kwambiri pa tsiku lija ana amavala zovala za ntchito imene akufuna kudzagwira akadzakula. Bodzalo ndi lakuti: limbikira mwanawe, ukhoza kudzakhala chilichonse chimene ukufuna. Kuno ku mapiri a Dedza ana ena alikhulupirira mpaka kufika ponena kuti adzakwera chombo kupita kumwezi. Timaomba m'manja, ena n'kumaseka chakumbali, kenako tonse n'kubalalika kukadya mpunga wa pamwambo.

Mwana wotere sasowa. Anzake avala unamwino, upolisi ndi usilikali, wina wabwereka jekete ya bambo ake kuti akhale loya, koma iye wadula katoni ya sopo, waiboola pamaso, wamatapo pepala la shuga, ndipo kumsana wamangirira mabotolo awiri ndi linya. Anaona zimenezi pa foni ya mlongo wake atabwera kuchokera ku Lilongwe. Mukamufunsa akutchulirani mapulaneti onse asanu ndi atatu mosadumpha, akuuzani kuti kumwezi kulibe mpweya wopuma, akuuzaninso chifukwa chake munthu amapepuka akafika kumeneko. Milomo yake yang'ambika ndi chisanu cha mu Juni, nsapato alibe. Mlandu wanga suli ndi mwanayo. Uli ndi magulu awiri a anthu: akunja amene anatchingira mlengalenga n'kuika mlonda pachipata, ndi a kwathu konkuno amene amamugwetsa mwanayu asanafike n'komwe pachipatapo.

Tiyambe ndi akunjawo. M'chaka cha 1967 mayiko anasainirana pangano la zamumlengalenga kudzera ku United Nations. Ndime yake yoyamba imanena kuti kufufuza ndi kugwiritsa ntchito mlengalenga, mwezi womwe, kuzichitika mopindulira mayiko onse, kaya ndi olemera kaya osauka, kaya ali patsogolo pa sayansi kaya ali m'mbuyo. Ndime yachiwiri imaletsa dziko lililonse kunena kuti mwezi kapena malo ena kumwambako ndi ake. Mawu okoma ndithu. Koma mu 2015 dziko la America linakhazikitsa lamulo lolola makampani ake kutenga ndi kugulitsa miyala ya mtengo wapatali imene angakumbe kumwambako, ndipo mu 2017 kadziko ka Luxembourg kanachitanso chimodzimodzi. Iwo amati sanaphwanye pangano chifukwa sakulanda malo, akungotenga zimene zili pamalopo. Ndiye kuti munda ndi wa mudzi wonse, koma zokolola n'za amene ali ndi ngolo.

Tsono taonani m'mene amasankhira anthu okwera zombozo. Bungwe la NASA litaitana ofuna ntchitoyi mu 2020, anthu oposa 12,000 analembera, n'kusankhidwapo 10. Bungwe la ku Ulaya la ESA linalandira makalata oposa 22,500, ndipo mu 2022 linasankha 17. Mpikisano ndi woopsa, ndipo palibe angadandaule kuti analephera pakati pa akatswiri otere. Koma mzere woyamba wa zofunika sufunsa za masamu kapena thanzi. Umafunsa pasipoti. Ku NASA uyenera kukhala nzika ya America, ku ESA nzika ya limodzi mwa mayiko a bungwelo. Mtsikana wa ku Linthipe akhoza kukhala ndi mutu woposa anthu onse 12,000 aja, koma kalata yake siiwerengedwa. Anagwa tsiku limene anabadwira.

Ilipo njira yachiwiri, ya ndalama. Mu Epulo 2002 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anakwera chombo cha ku Russia atalipira madola pafupifupi 20 miliyoni a m'thumba mwake. Chaka chomwecho ku Malawi kunali njala ija anthu ankadya zitsa za nthochi, ndipo ku Wimbe m'boma la Kasungu mnyamata wina dzina lake William Kamkwamba anali pakhomo, atasiya sekondale chifukwa makolo ake analephera kupeza fizi ya madola pafupifupi 80 pa chaka. Gawani nokha: mtengo wa mpando umodzi uja ukanalipirira ana 250,000 onga iyeyo chaka chathunthu. Sindikuimba mlandu Shuttleworth, ndalama zinali zake. Ndikungoonetsa kutalika kwa mtunda umene uli pakati pa anthu awiri obadwira m'chigawo chimodzi cha Africa, onse okonda sayansi.

Kuchokera nthawi imeneyo zinthu zangonyanyira. Mu Juni 2021 kampani ya Blue Origin inagulitsa mpando umodzi pa okushoni pa mtengo wa madola 28 miliyoni. Pa 14 Epulo 2025 inakweza woimba Katy Perry ndi amayi ena asanu, ulendo wa mphindi pafupifupi 11, ndipo tinauzidwa kuti atsikana a dziko lonse alimbikitsidwa. Mtsikana amene walimbikitsidwayo akatani nacho chilimbikitsocho, ngati pasukulu pake palibe ngakhale batire ndi babu zophunzirira magetsi?

Njira yachitatu ndiyo imandiwawa kwambiri, chifukwa ndi imene amasiyira amphawi: mwayi wa mphaka. Mandla Maseko anakulira m'dera la anthu akuda kufupi ndi Pretoria. Anayamba maphunziro a uinjiniya koma anasiyira panjira ndalama zitavuta, n'kumaimba zimbale m'madansi. Mu 2013 anapambana mpikisano wotsatsa malonda a mafuta onunkhira a Axe, n'kukhala mmodzi mwa anthu 23 amene analonjezedwa ulendo wa kumwamba. Anapita ku Florida kukaphunzitsidwa, nyuzi zinamujambula, ana a sukulu anamumvetsera akulankhula. Kampani ya XCOR imene inkapanga chombocho inagwa mu 2017. Mu Julayi 2019 Maseko anafa pa ngozi ya njinga yamoto ali ndi zaka 30, asanakwere. Kampani ya mafuta onunkhira inapeza kale zimene inkafuna. Mpaka lero palibe dziko la mu Africa limene latumiza nzika yake yakuda kukazungulira dziko lapansi. Ndipo ku America komweko, Ed Dwight, woyendetsa ndege zankhondo wakuda amene analowetsedwa m'maphunziro a ntchitoyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 koma osasankhidwa, anadzakwera mu Meyi 2024 ali ndi zaka 90, ulendo wa mphindi zowerengeka. Anthu anasangalala. Ine ndinaona munthu akumubwezera ndalama yake itatha kale ntchito.

Pali chida china chimene amatchingira nacho, ndipo ichi n'chaulere: kuseka. Anansi athu a ku Zambia amachidziwa bwino. Mu 1964, dziko lawo likulandira ufulu, mphunzitsi wa sayansi amenenso anamenyera nawo ufuluwo, a Edward Mukuka Nkoloso, analengeza kuti Zambia ipita kumwezi ndi ku Mars. Anasonkhanitsa achinyamata pafamu ina kunja kwa Lusaka, n'kumawakunkhuniza m'migolo kutsetsereka chitunda kuti azolowere kupepuka, ndipo anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO. Atolankhani a ku Ulaya anabwera ndi makamera, anaseka, dziko lonse linaseka. Ena masiku ano amati mkuluyu ankachitira dala, kuti ankanyogodola azungu ndi mpikisano wawo. Kaya zinali choncho kaya ayi, chimene chinaseketsa anthu sichinali mgolo wokha. Chinali chakuti munthu wakuda watchula mwezi. Kusekako tinakutengera, ndipo lero ndife tikumuseka mwana wa katoni uja, mwinanso kuposa azungu.

Tsopano tibwere pakhomo, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kudzudzula America n'kosavuta, sikuti akutimva. Koma amene amamaliza maloto a mwana wa ku Mayani kapena ku Lobi si NASA ayi. Amathera pa mndandanda umene umamatidwa pakhoma zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka.

Ochepa kwambiri amapita ku masekondale akuluakulu ogonera konko, monga Dedza Government Secondary School, imene inatsegulidwa mu 1951 ndipo inaphunzitsa anthu ambiri amene anadzatsogolera dziko lino, kuphatikizapo a Bingu wa Mutharika. Ochuluka amapita ku masekondale oyendera, ma CDSS. Enanso ambiri, ngakhale akhoza, dzina lawo silituluka paliponse, ndipo chaka chotsatira muwapeza akugulitsa kachewere pamsewu wa M1 kapena akupalasa kabaza. Mbiri ya ma CDSS tikuidziwa. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere mu 1994, ana anasefukira m'makalasi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linatenga malo amene anthu ankaphunzirirako kudzera m'makalata, ma MCDE aja, n'kuwatcha masekondale. Linasintha chikwangwani. Nyumba zake zinali zomwe zija, zomangidwa ndi makolo, zopanda labotale, ndipo aphunzitsi ambiri anatengedwa ku pulaimale. Inali njira yongogwirizira, ndipo pa nthawiyo mwina panalibe kuchitira mwina. Koma kugwirizirako kwatha zaka zoposa 25, maboma akusinthana, aliyense akulonjeza.

Lowani m'kalasi ya Fomu 3 pa sukulu yotere nthawi ya kemisitiri. Mphunzitsi wajambula pabolodi botolo lalitali lokhala ndi kampopi kumunsi, ndi kambale kagalasi pansi pake. Wajambula bwino, mizere yowongoka, chifukwa wakhala akujambula chithunzi chomwechi chaka ndi chaka. Kenako akuti, “Tiyerekeze kuti ndatsegula apa, madontho akugwa. Tiyerekeze kuti madziwa asintha mtundu.” Ana akulemba m'makope kuti madzi asintha mtundu. Palibe waona dontho, palibe wanunkhiza kanthu. Chaka chotsatira ana omwewa akalowa m'chipinda cha mayeso a MSCE, pepala lomwelo limene akulemba anzawo a ku Kamuzu Academy... ayi, a kumeneko amalemba mayeso a ku Cambridge. Tinene anzawo a m'masekondale amene ali ndi gasi, mipopi ndi maikulosikopu. Ena amakagwira chipangizo chenicheni koyamba masiku ochepa mayeso asanayambe, zida zake zobwereka, manja akunjenjemera kuopa kuswa. Zotsatira zikabwera timati ana a kumudzi sayansi imawavuta. Limeneli ndi bodza lachiwiri, ndipo ndi loipa kuposa loyamba lija, chifukwa limasenzetsa mwana mlandu wa akuluakulu. Mphunzitsi wojambula uja musamunene. Iyeyo ndi amene akugwira ntchito ya anthu atatu ndi choko chimodzi.

Madzulo mwanayo awerenga bwanji? Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zosakwana 12 pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zimene zimaunikira magetsi, ndipo zoposa theka zimadalira tochi ya mabatire. Kumunsi kwa phiri, ku Golomoti, m'boma lomwe lino la Dedza, kuli munda wa magalasi a sola wopanga mamegawati 20 umene unayamba ntchito mu 2022. Magetsiwo amalowa m'mawaya akuluakulu n'kupita kumene kuli olipira. Kumtunda kuno boma lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, phiri la Dedza limafika pafupifupi mamita 2,200, ndipo usiku wa miyezi yozizira nkhungu ikachoka Mlalang'amba umaoneka wonse kuchokera mbali ina mpaka ina. Anthu a m'mizinda ya ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kuti akaone thambo lotere. Ife tili nalo chifukwa tilibe magetsi. Kathelesikopu kakang'ono koti ana aonere mapiri a kumwezi ndi miyezi ya Jupiter mtengo wake sufika pa maalawansi a msonkhano umodzi wa ku nyanja wokambirana za kutukula sayansi. Misonkhanoyo ikuchitikabe.

Za atsikana ndiye n'zomvetsa chisoni kawiri. M'gulu la a Nkoloso munali mtsikana amene ankati ndiye adzayambe kupita ku Mars. Nkhani yake inathera pa mimba, makolo n'kudzamutenga. Kuno ku Dedza malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana, anachotsa mafumu ang'onoang'ono ovomereza maukwatiwo, n'kubwezera atsikana kusukulu. Mayiko akunja anawapatsa ulemu, ndipo anayenera. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asakwatiwe asanakwane zaka 18. Mfumu inachita mbali yake. Nanga mtsikana wachotsedwa kubanjayo, wayenda makilomita ambiri m'chisanu, mwana wamusiyira agogo, wakapeza chiyani kusukuluko? Wakapeza botolo lojambula pabolodi. Tinamuuza kuti sukulu ndi yabwino kuposa banja, ndiye tili ndi ngongole yoti sukuluyo ikhaledi yabwino.

Nthawi zonse ukanena izi pamapezeka wina wotchula Kamkwamba: suja mnyamata wa ku Kasungu anapanga magetsi a mphepo ndi zidutswa za njinga? Anapangadi, atawerenga buku limene anapeza mu kalaibulale kakang'ono. Koma nkhani yake timaigwiritsa ntchito molakwika. Taisandutsa chishango chobisalira, ngati kuti umphawi ndi sukulu yabwino ya akatswiri. Chimene nkhaniyo imatiuza n'chakuti mwana wanzeru chotere tinamuchotsa m'kalasi chifukwa cha madola 80, ndipo kuti afike ku Dartmouth College, kumene anamaliza mu 2014, panafunika alendo kuti amuone ndi kumulipirira. Ndi angati amene laibulale sinawafike pafupi, mtolankhani sanadutse m'mudzi mwawo?

Ndikudziwa funso limene owerenga ena aligwira kale pakamwa: dziko losowa chimanga, losowa mankhwala m'zipatala, lizikamba za mwezi? Funsoli si lachibwana. Mu Julayi 1969, chombo cha Apollo 11 chili pafupi kunyamuka, m'busa Ralph Abernathy anatsogolera mabanja osauka, ndi abulu okoka ngolo, kukafunsa zomwezo pachipata cha ku Cape Kennedy. Ndipo ine sindikunena kuti Malawi agule roketi. Koma taonani India. Mu 1963, umphawi uli wadzaoneni, akatswiri ake ankanyamula zidutswa za roketi panjinga ku Thumba. Mu 1981 anayesera setilaiti yawo ataikweza pa ngolo ya ng'ombe. Anthu anaseka monga anasekera a Nkoloso. Kusiyana kwake n'kwakuti kumbuyo kwa njingayo kunali boma, masukulu ndi ndalama zoikidwa chaka ndi chaka. Pa 23 Ogasiti 2023 chombo chawo cha Chandrayaan-3 chinatera pamwezi. Ndipo masetilaiti awo ndi amene amachenjeza asodzi ndi anthu a m'mbali mwa nyanja namondwe akamabwera.

Zamumlengalenga zili kale m'munda mwathu, tifune tisafune. Namondwe Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, n'kupha anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi madera ena, ulendo wake wonse wa milungu yambiri panyanja ya India unkaoneka pa zithunzi za masetilaiti a mayiko ena. Ulosi wa mvula umene mlimi wa ku Bembeke amamva pa wailesi umadalira zithunzi zomwezo. Kutha kwa mitengo ku nkhalango ya Chongoni kumaoneka kuchokera kumwamba chaka ndi chaka. Zambiri mwa zithunzizi, monga za Landsat ndi Sentinel, n'zaulere kwa aliyense. Chosowa ndi anthu odziwa kuziwerenga, ndipo anthu amenewo akanachokera m'kalasi ija ya Fomu 3. Mwa ana chikwi olota za mwezi, mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene adzapiteko, ngakhale ku America zili choncho. Koma kumeneko otsalawo amasanduka mainjiniya, akatswiri a zanyengo, opanga mapu, aphunzitsi a fizikisi. Kuno otsalawo timawataya onse, kenako n'kulemba ganyu mlendo wodzatiuza kumene madzi osefukira adzadutse ku Mtakataka.

Anzathu sanadikire kulemera. Ethiopia inatumiza setilaiti yake mu 2019. Zimbabwe ndi Uganda anatumiza zawo mu 2022, zopangidwa ndi achinyamata awo amene anakaphunzira ku Japan. Kenya inatumiza Taifa-1 mu 2023, Botswana yake mu 2025, chaka chomwe bungwe la African Space Agency linatsegulidwa ku Cairo. Pa ntchito yaikulu ya SKA, yomvetsera mafunde ochokera ku nyenyezi zakutali, South Africa ili ndi mayiko anzake asanu ndi atatu a mu Africa. Zambia ilimo, Mozambique ilimo. Munthu ali ku Dedza akhoza kuponda Mozambique pongowoloka msewu, koma Malawi pa mndandandawo palibe. Sikuti ana athu ndi operewera. Sukulu ya African Drone and Data Academy itatsegulidwa mu 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, achinyamata a kuno anaphunzira kupanga ndi kuulutsa tindege topanda woyendetsa m'miyezi yowerengeka. Yunivesite ya MUST ku Ndata, loto la a Bingu, yakhala ikuphunzitsa kuyambira 2014. Koma m'mera mpoyamba. Yunivesite imalandira amene ali ndi mapointi abwino a sayansi, ndipo mapointiwo amagawidwa kale ndi labotale imene mwana anali nayo kapena analibe.

Musandiuze kuti ndalama kulibe. Mu 2013 mabiliyoni a makwacha anatuluka ku Capital Hill m'miyezi yochepa, ena akupezeka m'mabuti a galimoto, ndipo sipanafunike msonkhano wa opereka thandizo kuti ndalamazo zipezeke. Chaka chilichonse timagula galimoto za mabwana zimene mtengo wa imodzi ukhoza kumanga chipinda cha sayansi n'kuikamo zida. Amene amasaina zimenezi ana awo saphunzira pa CDSS. Ndi omwewo amene amaima pa tsiku lotsekera sukulu n'kuuza mwana wa eni ake kuti alimbikire.

Chinanso chikubwera chimene tiyenera kuchiyang'anitsitsa. Ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli miyala ya niobium, chitsulo chimene amasakaniza popanga milomo ya injini za roketi chifukwa chimapirira moto woopsa. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka rutile wochuluka zedi, mchenga umene amapangira titanium wa ndege ndi zombo. Makampani a ku Australia ndi amene akukonzekera kukumba. Ngati zonse ziyenda monga akufunira, dothi la Malawi likhoza kudzafika mumlengalenga mwana wa Malawi asanagwirepo maikulosikopu. Amene akusainira mapangano a migodi imeneyi atiwerengere poyera kuti m'mapanganomo muli malabotale angati, muli malo angati a maphunziro a uinjiniya, ndipo ndi a ana a ndani. Aphungu a madera onse a Dedza, amene madera awo amalandira ndalama za chitukuko chaka ndi chaka, atiuze pa msonkhano wa khonsolo kuti m'dera la aliyense muli masekondale oyendera angati, ndi angati mwa amenewo ali ndi chipinda cha sayansi chokhala ndi madzi, magetsi ndi zida zogwira ntchito, ndiponso kuti otsalawo adzakhala nacho chaka chiti.